Nsapato Yamanzere

Anthu a mumsewu umenewo ankawatchula a Chidendene. Ntchito yawo inali yosoka nsapato, ndipo ukamayankhula nawo maso awo sankakhala pankhope pako, ankakhala kumapazi. Kashopu kawo kanali chipinda chakutsogolo cha nyumba yawo yomwe, chonunkha guluu ndi chikopa. Anali munthu wamantha, tisabise. Agalu sankawaopa, akuba sankawaopa. Mantha awo onse anaunjikana pa mwendo umodzi, mwendo wamanzere wa mwana wawo wamkazi.

Mwanayo anabadwa mwendo umenewo uli waufupi. Chiyambire kuima, nsapato yake yamanzere ankasoka ndi bambo ake: soli yokhuthala, mphira pamwamba pa mphira, kumata, kukhoma, kupala mpaka chiuno cha mwana chilingane. Phazi likakula ankasoka ina. Zakalezo sankataya, anazindandalika pashelefu pamwamba pa makina. Ndiye m'mawa uliwonse ankagwada n'kumumanga zingwe okha, ngakhale mwanayo atafika msinkhu woti anyamata n'kumamuimbira mluzu panjira.

"Akadzakwatiwa mudzasamukira konko kuti muzikamumanga zingwe?" akazi awo ankawafunsa.

"Ndidzasamukira," iwo ankayankha, osaseka n'komwe.

Nyimbo zimene tikunenazi zinalowa m'nyumbamo kudzera kuchipatala. Mtsikanayo ali kusekondale, madokotala anamuchita opaleshoni yowongola fupa, ndipo iye anagona m'chipatala nthawi yaitali mwendo uli ndi zitsulo. Pabedi loyandikana panali mtsikana wina, wometa tsitsi mbali imodzi, amene anathyoka atagwa panjinga yamoto. Tsiku lina anamuponyera kachingwe kamodzi komverera m'khutu. "Tamvera awa, usiye kulira." Gulu lake linali lotchedwa Denga Lodontha. Potuluka m'chipatala, mwana wa a Chidendene anatuluka ndi chipsera chachitali komanso nyimbo zonse za gululo pamtima.

"Denga lodontha amakonza, saimba nalo," anatero bambo ake atamva dzinalo.

"Ndi roko imeneyi, ababa. Koma osati ya anthu otchuka ija. Iyi amati olitanetivu."

"Oli chiyani?"

"Yapambali. Ya anthu amene sakwanira bwinobwino pena paliponse."

Yankho limenelo silinawasangalatse. Anayang'ana phazi la mwana wawo, n'kubwerera kumakina.

Gulu limodzilo linamutsegulira khomo la magulu ena. Khoma la kuchipinda kwake linadzaza zithunzi za anthu osapesa, zovala zinasanduka zakuda, ndipo anzake atsopano anamupatsa dzina loti Besi, ati chifukwa nsapato yake yolemera ija ikaponda imalira gu! ngati gitala yamawu aakulu. A Chidendene atamva anafuna kukawapeza anawo makwawo. Mwini dzina anali kukondwa nalo. Anachonderera kuti nsapato yotsatira ikhale jombo yakuda yosokedwa ndi ulusi wofiira, ndipo bambo ake anang'ung'udza sabata yonse, koma anasoka, mwaluso kuposa zina zonse.

Pakati pa shopu ndi chipinda cha Besi panali khoma lamatabwa, choncho nyimbozo a Chidendene ankazimva, afune asafune. Ankati ndi nyimbo zachinyengo. Zimayamba mofatsa, gitala imodzi, woimba akung'ung'udza ngati munthu woyankhula yekha panjira. Iwe n'kuika mtima m'malo. Kenako wang'oma amagogoda timitengo take, ke ke ke, ndipo zonse zimagumuka nthawi imodzi. Tsiku loyamba anadzikhoma chala ndi nyundo. Koma patapita miyezi akazi awo anawapezerera akukhoma misomali motsatira ng'oma, mutu ukugwedera. Anakana kwamtuwagalu. Panali nyimbo imodzi, yabata lalitali pakati, imene ikatha ankakhala ngati akufunafuna kanthu pansi pa tebulo, kudikira kuti mwana aibwereze.

Ndiye linafika tsiku limene Besi analowa m'shopu maso akuwala. A Denga Lodontha akubwera kudzaimba.

"Supita," anatero bambo ake.

"Adokotala anati fupa linagwira. Anati ndithamange, ndidumphe."

"Adokotala anasokapo nsapato yako?"

Nkhondo inakhala m'nyumba masiku angapo. Besi sanalire, anangosiya kuliza nyimbo, ndipo bata la kuseri kwa matabwa linawasowetsa mtendere a Chidendene kuposa phokoso. Akazi awo ndi amene anadula mlandu. "Mupite naye. Mukaime pambali pake ngati mlonda, poti ndi ntchito imene mumaidziwa." Anagwirizana kuti akaima chakumbali, dzanja la bambo lili paphewa la mwana, ndipo akaona zosakhala bwino abwerako. Patsikulo anamumanga zingwe mokoka kwambiri mpaka Besi anati, "Ababa, magazi aziyenda bwanji?" Akazi awo anawaikira thonje m'thumba la malaya, lotsekera m'makutu.

Oimbawo ankaimbira m'nyumba yakale yosungiramo katundu, kuseri kwa malo ogulitsa matayala. Anayamba dzuwa lili paliwombo chifukwa oyandikana nawo anakana phokoso lamadzulo. Pakhomo mtsikana wa ndolo pamphuno anawadinda chidindo kuseri kwa dzanja.

"Chimachoka chimenechi?"

"Ndi sopo, madala."

M'katimo munali mdima ngakhale kunja kunali dzuwa, poti mawindo anawatchinga ndi nsalu zakuda. Malata ankatentha, anthu anali thithithi, ndipo mpando panalibe ndi umodzi womwe. A Chidendene anayang'ana pansi monga mwa chizolowezi chawo. Simenti inali yong'aluka, pena timitu ta zitsulo zodula tili tuu. Pamwamba pake panali majombo, majombo okhaokha, olemera, ena a chitsulo kutsogolo. Ambiri mwa achinyamata a m'menemo sanamange zingwe, anangozisiya lendelende, ati ndiye fasho yake. Anapeza mzati wachitsulo chakumbali, nauyedzamira, dzanja paphewa la mwana.

"Besi!" Anali mnzake wa kuchipatala uja, tsitsi likadali lometa mbali imodzi. Anawapatsa moni a Chidendene mwaulemu ndithu, kenako atsikana awiriwo anapempha kupita kuchimbudzi. Atabwerako, magetsi a kutsogolo anali atayaka ndipo anthu anali atayamba kukuwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo a Chidendene sanayang'ane kumapazi a mwana wawo.

Phokoso la kuseri kwa matabwa lija linali masewera. Ili linkalowera pachifuwa n'kugwedeza nthiti. Nyimbo yoyamba isanathe, pakati pa khamulo panatseguka bwalo, ndipo anthu anayamba kuthamangiramo, kugundana mapewa, kukankhana, kuzungulira.

"Akumenyana!" anakuwira m'khutu mwa mwana wawo.

"Akuvina, ababa!"

Kuvina kwanji kumeneko? Anaona mnyamata wina wamtali akupepesuka, n'kumira pakati pa mitu ya anthu. Sanamuonenso. Besi pansi pa dzanja lawo ankadumphadumpha, akuimba liwu lililonse, thupi lonse likukokera kutsogolo. Nyimbo zinatsatizana, makutu anayamba kulira. A Chidendene anakumbukira thonje lija. Anachotsa dzanja paphewa, napisa m'thumba, natseka khutu ili, natseka linalo. Pobwezera dzanja, linagwera paphewa la munthu wina, mnyamata wachilendo amene anawayang'ana n'kumwetulira.

Anaitana dzina lenileni la mwana wawo, koma ngakhale iwo eni sanalimve. Anazungulira mzati. Anayang'ana kukhomo, kuchimbudzi, kulibe. Anasolola thonje n'kulitaya. Patsinde pa mzatiwo panali chisimenti chotukuka, ndipo anakwerapo, atakumbatira chitsulo ndi dzanja limodzi. Mitu inali mbwee, yonse tsitsi lakuda, malaya akuda, ikukwera ndi kutsika. Mwana amene akanamuzindikira ali patali ndi kayendedwe kake, muno sakanamusiyanitsa ndi wina aliyense.

Ndipo anaiona. Pakati penipeni, pamwamba pa mitu, dzanja lina linali litakweza nsapato. Getsi litaiwalira anaona soli yokhuthala, anaona ulusi wofiira. Zingwe zake zinali lendelende.

Woikwezayo anali chimunthu chadazi, chandevu, chopanda malaya, mikono yonse yojambulajambula. Chinkatembenuka uku ndi uku, nsapato m'mwamba, chikukuwa zinazake. A Chidendene anaganiza chimodzi chokha: amupondaponda mwana wanga, tsopano akuonetsana nsapato yake. Popanda nsapatoyo Besi sakanatha kuthamanga, ngakhale kuima bwino pakati pa anthu okankhana. Ali pansi penapake, pasimenti ya zitsulo ija. Anakumbukira chipsera, anakumbukira fungo la kuchipatala, ndi momwe mwanayo ankalumira pilo pomusintha mabandeji.

Nthawi yomweyo phokoso linadukiza, n'kutsala gitala imodzi. Anaizindikira. Inali nyimbo yawo ija, yabata lalitali. Munthu wina wachilendo akanaganiza kuti zatha, mpata wapezeka. Iwo ankadziwa bwino lomwe chimene chikubwera: woimba anong'oneza mawu ake, gitala ibwereza, kenako timitengo. Anali ataimva kokwanira kudziwa kuti nthawi ndi yochepa. Anadumpha pachisimenti paja n'kulowa m'khamu.

Poyamba ankati, "Pepani, ndidutse nawo." Kenako anasiya ulemu n'kuyamba zigongono. Matupi anali oterera ndi thukuta. Woimba anali pakati pa mawu ake. A Chidendene anaponda phazi la wina, wina anawagwira phewa, anadzipulumutsa. Gitala inayamba kubwereza. Mwadzidzidzi anangozindikira atulukira pabwalo lija, pambalambanda, anthu atazungulira m'mphepete, ataweramira kutsogolo, kudikira. Anamwaza maso pasimenti ponse. Panali botolo lophwanyika lapulasitiki ndi kansalu kong'ambika. Mwana panalibe.

Ke ke ke.

Chinawagunda choyamba sanachione. Chachiwiri chinawatembenuza, chachitatu chinawachotsa pansi. Anagwa chammbali, chigongono pasimenti, magalasi awo amaso n'kuuluka. Pozungulira ponse panali majombo, akukwera ndi kutsika pafupi ndi nkhope yawo, ndipo munthu amene moyo wake wonse anagwira ntchito ya soli anaziona soli kuchokera pansi. Anadziwa kuti imodzi ikatera pakhosi zatha. Koma sanaphimbe mutu. Anatong'ola maso pakati pa miyendo, kufunafuna phazi la sokosi yokha.

Kenako manja anawagwira m'khwapa, ena palamba, ena pakolala, ndipo asanadziwe chikuchitika anali ataima. Anyamata angapo anawazinga, misana yawo itatchinga okankhanawo.

"Muli bho, madala? Mwavulala?"

Chapatali pang'ono mtsikana wina anali atakweza dzanja m'mwamba, akutembenuka uku ndi uku. M'dzanjamo munali magalasi awo. Anawalozera, magalasiwo anadutsa m'manja mwa anthu mpaka anafika. Kakwezedwe kake kanali komwe kaja ka chimunthu chadazi. Mutu wawo unaona zimenezo, koma mantha samva za mutu. Anavala magalasi, naona dazi likunyezimira pafupi, nalumphira mkono wa nsapato uja n'kuulendewera.

"Mwamutani mwana wanga? Mwamutani?"

Chimunthucho chinawerama n'kuika khutu pakamwa pawo. "Ndi yanu iyi, madala?"

"Ya mwana wanga! Sayenda popanda imeneyo! Ali kuti?"

"Ndatola pansi ine. Kuno chikagwa timakweza, mwini wake achione." Chinayang'ananso soli ija, kukhuthala kwake, ndipo nkhope yake inasintha. "Mwini wake sindinamuone."

Chinawapatsa nsapatoyo, n'kupingasa mikono pamwamba pa mutu. Woyandikana nacho anapingasanso, wina, winanso, mpaka chizindikirocho chinayenda kukafika kutsogolo. Woimba anachiona, nakweza dzanja. Ng'oma inaleka, magitala anazima, kunangotsala kulira kwa masipika.

"Pali wavulala?" anafunsa woimbayo. Mawu ake olankhula anali aang'ono, a munthu wamba. "Yatsani magetsi. Aliyense ayang'ane pamene waima."

Magetsi anayaka. Anthu onse aja anaweramitsa mitu, akusuntha mapazi, kuyang'ana pansi. Phokoso lonse la tsikulo silinawaopse a Chidendene ngati bata limenelo. Anakumbatira nsapato pachifuwa. M'kati mwake munali mukadali mofunda. Ankadikira kuti penapake anthu apatukane, wina akuwe kuti ali kuno, bweretsani madzi. Anapezeka akuganiza za mawu amene akanene kwa akazi awo pakhomo, ndipo sanapeze ngakhale limodzi.

"Ndi yanga imeneyo!"

Mawuwo anachokera kutsogolo kwenikweni, pa chitsulo chotchinga oimba. Anthu anapatuka. Besi anali ataima ndi mwendo umodzi, mkono wina pakhosi pa mnzake wa kuchipatala, wina paphewa pa mnyamata wamtali uja amene anamira poyamba. Sokosi yake inali bii. Mlomo unali utang'ambika, magazi atayenderera pachibwano, tsitsi litamatirira pachipumi.

A Chidendene sanadziwe kuti anafika bwanji pamenepo. Anagwada pasimenti, nagwira mwendowo, nayamba kuusisita ndi zala kuyambira pabondo, kutsata chipsera, kudikira kuti mwana akuwe.

"Apa? Nanga apa?"

"Ababa, ndagwa!"

"Ndaona. Apa pakupweteka?"

"Ayi, tamverani. Ndagwa! Chagada, mwendo womwewu pansi. Ndiye andidzutsa, ndangozindikira ndili kuno." Ankanena ngati munthu amene wabwera ndi uthenga wabwino. "Sunathyoke, ababa. Taonani." Anapinda bondo, naliwongola, nazunguza phazi.

"Zingwe unamasula."

Besi anayang'ana kumbali. "Kuchimbudzi kuja. Ndimafuna ndifanane ndi anzanga."

Akanakhala kunyumba akanamukalipira mpaka oyandikana nawo kutsegula mawindo. Koma apa anangotenga nsapato ija. Anakutumula sokosi ija, nalowetsa phazi, nakoka zingwe bowo ndi bowo kuyambira pansi. Nyumba yonse inali zii, oimba ataima ndi magitala awo, kuonerera bambo wa imvi akumanga mwana wake nsapato. Palibe anaseka. Mawu oti tiye kunyumba anali kale pamlomo. Anali atagwirizana zimenezo, ndipo zosakhala bwino anali ataziona zokwanira chaka chathunthu.

"Ababa," anatero Besi motsitsa mawu, "nyimbo yanu aidula pakati."

"Yanga iti?"

"Ija mumakhomera misomali. Mumayesa sindimva? Khomalo ndi lamatabwa."

Anakweza maso. Nkhope imeneyo, yamagazi, yathukuta, anali asanaionepo. Anaiona ikulira, anaiona ikupirira, anaiona ikumwetulira kuti iwo asadandaule. Koma yotere ayi. Ndipo zinawapweteka kuzindikira kuti nkhope imeneyo yatuluka pamene dzanja lawo linachoka paphewa.

Anamanga mfundo, namanganso ina pamwamba pake, nalowetsa nsonga za zingwe m'kati mwa jombo. Anamenya soli ndi chikhatho monga ankachitira akamaliza ntchito ya kasitomala.

"Ukamasulanso ndidzakusokerera nsapatoyi kuphazi," anatero.

Anaimirira, mawondo akulira. Woimba anawayang'ana, nafunsa ndi nsidze. A Chidendene anagwedeza mutu movomera, ndipo nyumba yonse inakuwa. Magetsi anazima. Gitala imodzi ija inayambanso pachiyambi pa bata, bwalo linatsegukanso, ndipo Besi anawafinya dzanja n'kulisiya.

Sanabwerere kumzati. Chimunthu chadazi chija chinawakokera m'mphepete mwa bwalo, pamzere wa anthu oima. "Imani apa, madala. Wina akabwera kwa inu mum'bweze m'kati. Akagwa mum'dzutse. Basi."

Mantha sanathe, asakunamizeni munthu. Anali pomwepo, ochuluka kuposa m'mawa. Chigongono chinkawawa, magalasi anali atapindika. Kutsidya kwa bwalo ankaona ulusi wofiira, phazi likugunda simenti, gu, gu, kudikira. Woimba anamaliza kunong'ona. Gitala inabwereza. A Chidendene anavula magalasi n'kuwaika m'thumba mmene munali thonje, anatang'adza miyendo, natambasula manja onse awiri ngati anzawo a pamzerewo.

Wang'oma anakweza timitengo.